Mwana wa zaka 13 wagonjetsa anyamata a giredi 11 pa orienteering, timuthandize bwanji?

Sir wa Geo: Mwaswera bwanji nonse pa gulu. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuchokera pa Chiweru ndipo ndifuna nzeru zanu makamaka inu a Kochi ndi asisi athu a ku Uppsala ku Sweden. Mudziwa kuti temu ino takhala tikuchita orienteering, masewera othamanga ndi mapu kufunafuna malo oikidwa chizindikiro otchedwa makontrolo, pa sukulu pathu Chisanu masana, mapu ndinajambula ndekha, makalasi, thanki ya madzi, mitengo ya mango, dimba la sukulu ndi katchire ka kuseri kwa bwalo la mpira. Pa Chiweru tinachita mpikisano woyamba weniweni, makontrolo 12. Amene anapambana ndi mtsikana wa zaka 13, mwana wa Amake Mapasa ali pano pa gulu, ndipo anyamata a giredi 11 amene amatithamangira 1500 ku ma inter-schools anafika iye atamwa kale madzi. Ine ndinali pa khonde kumuyang'ana, mwanayu sanaime ngakhale kamodzi, akakhota mapu amawatembenuza m'manja kuti agwirizane ndi kumene wayang'ana, asanafike pa kontrolo maso ali kale pa yotsatira. Izi sindinamuphunzitse ine. Manje funso langa ndi ili, mwana wotere timuchite naye bwanji kuti mphatsoyi isafere pa bwalo la sukulu?

Amake Mapasa: Zikomo a Sir. Ine ndadabwa chabe chifukwa pa mapasa awiriwa wothamanga ndi wamwamunayo, kunyumba tonse timadziwa tero. Koma iye anafika mochedwa ati anathamanga mpaka ku mpanda kenako anaona kuti kontrolo 5 waisiya kumbuyo

Kochi Wakale: A Sir, ine ndikambe mosabisa. Mwanayo mundipatse. Ngati ali ndi mutu wotero chimene chatsala ndi miyendo ndi chifuwa, ndipo zimenezo zimapangidwa pa msewu osati pa pepala. M'mawa uliwonse 05 koloko makilomita 8, pa Chiweru tikwera phiri la Kanjala. Pofika zaka 16 adzakhala chilombo. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, amene anafika patali ndi amene anayamba msanga ndi kulimbika, a Samuel Matete sanatenge golide ya 400 hurdles ku Tokyo mu 1991 chifukwa chosewera

Mnyamata wa Survey: Ine ndine watsopano pano, pepani, wina andifotokozere mwachidule masewerawa amayenda bwanji. Mapu ndiye nchito yanga koma za kuthamanga nawo ndamva pano

Sir wa Geo: Mwalandiridwa achimwene, ndipo inu ndi munthu amene tikumufuna kwambiri pano. Mwachidule, wothamanga amapatsidwa mapu pa nthawi yoyambira, pa mapupo pali ka triangle poyambira, tima sekelo tokhala ndi manambala ndiye makontrolo, ndi ma sekelo awiri limodzi mkati mwa linzake pomalizira. Pa malo enieniwo pamakhala mbendera ya orenji ndi yoyera. Uyenera kupita pa kontrolo iliyonse motsatana koma njira usankha wekha, kaya udutsa pamwamba pa phiri kaya uzungulira, zili kwa iwe. Anthu amanyamuka mmodzi mmodzi kuti asalondolane, wa nthawi yochepa ndiye wapambana. Zida ndi mapu ndi kampasi basi, kuyang'ana njira pa GPS sikuloledwa pa mpikisano

Asisi a ku Uppsala: Mwadzuka bwanji kumudzi. Ndawerenga zonse ndili pa basi ndipo mtima wanga wasangalala, moni kwa mwanayo Amake Mapasa. A Kochi, ndi ulemu wonse atate, makilomita 8 tsiku lililonse kwa mwana wa zaka 13 iyayi, chonde. Ana anga awiri ali mu kilabu kuno ndipo ndakhala ndikuyang'ana mmene anthuwa amalerera ana awo, pajatu masewerawa ndi a kuno, anayambira kwa asilikali a ku Sweden ndi Norway, mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitika ku Norway mu 1897. Chimene ndaona ndi chakuti mwana samuwonjezera mtunda msanga, amamuwonjezera kuvuta kwa mapu. Ali ndi masitepe a mitundu, wobiriwira, woyera, wachikasu, orenji, kukwera mpaka wakuda umene ndi wa akuluakulu. Wa zaka 10 amayenda m'tinjira chabe, kontrolo ili pa mphambano. Wa zaka 12 amayamba kusiya njira pang'ono, kontrolo ili pa mwala umene uoneka uli pa njira. Wa zaka 14 ndiye amayamba kudula m'tchire ndi kampasi ndi kuwerenga mapiri. Mtunda wa anawa ndi makilomita awiri, atatu, anayi basi. Ndipo ambiri amasewera mpira, amasambira, nyengo yozizira ali pa ski, timatabwa totsetserekera pa chipale chofewa. Tove Alexandersson amene wakhala akugonjetsa dziko lonse lapansi zaka zambiri ndi katswiri wa dziko lapansi pa orienteering ya miyendo, ya pa ski, ndiponso pa kuthamanga m'mapiri, thupi lake linakulira m'masewera osiyanasiyana

Kochi Wakale: Asisi, kumeneko ali ndi ana masauzande, akhoza kudikira. Ife tili ndi mmodzi. Tikamusiya azisewera netball ndi kuzungulira mitengo ya mango adzatha chabe ngati enawo

Nesi wa ku Chadiza: A Kochi nanenso ndilowepo pa mbali ya thupi. Pa zaka 12 mpaka 15 mafupa amakula msanga kuposa minofu, ndiye chifukwa chake ana ambiri othamanga amabwera akudandaula pansi pa bondo pamene pali kafupa kotuluka paja, ena chidendene. Mukamuthamangitsa pa tara tsiku ndi tsiku ululuwo sukutha, mwana amayamba kutsimphina kenako amadana nawo masewerawo. Kwa mtsikana palinso nkhani ya magazi, akayamba kusamba thupi limafuna zakudya zowonjezera magazi, nyemba, kapenta, chiwawa, bonongwe, mazira, chiwindi ngati chapezeka. Mwana amene wadzuka 05 koloko wathamanga makilomita 8 kenako wapita ku sukulu ndi tiyi chabe, ameneyo mukumugwetsa. Katatu pa sabata nkokwanira, ndipo tsiku limodzi apumule osachita kalikonse

Amake Mapasa: A Nesi zikomo, zimenezo ndazimva. Komanso m'mawa ali ndi nchito zake, kutunga madzi ndi kusesa, ndipo chaka cha mawa pali mayeso. Atate ake afunsa kale kuti kodi za mapuzi zidzamupatsa chani

Sajeni Wopuma: Amake Mapasa muwauze atate ake kuti ine mapu anandidyetsa zaka zonse za nchito. Koma ndifuna ndikambe ndi a Kochi. Ku training tinali ndi anyamata amphamvu ngati ng'ombe, koma tikawatula m'tchire ndi mapu, amene anali kusochera koyamba ndi omwewo, chifukwa munthu akathamanga kupitirira mphamvu ya mutu wake maso amaleka kuona. Wefuwefu akachuluka nzeru zimathawa. Ndipo munthu wothamanga kwambiri akalakwa njira amapita kutali kwambiri asanazindikire. Mwanayu chimene ali nacho ndicho chovuta kuphunzitsa, miyendo idzabwera yokha ndi zaka. Ine ndikadakhala inu ndikadamuphunzitsa zinthu zitatu chaka chino, chala chachikulu chizikhala pa mapu pamene iye ali ndi kumasuntha akamayenda, adziwe mapazi ake angati amakwana mamita 100 pa flati ndi pokwera, ndiponso adziwe chochita akasochera, kuima, kuika mapu moyang'ana kumpoto, kukumbuka malo omaliza amene anali wotsimikiza. Chachitatuchi ndiye chachikulu, mwana amene sanasocherepo sanayambe kuphunzira

Kochi Wakale: A Sajeni pamenepo ndavomera theka. Koma musaiwale kuti pamapeto ndi mpikisano wa nthawi, awiri akawerenga mapu mofanana apambana ndi wa liwiro

Sajeni Wopuma: Zoona akulu, ndipo nthawi yanu idzafika. Akafika zaka 16, 17 mudzamutenga ndithu

Madam PE Katete: Ine vuto limene ndikuona si la mwanayo, ndi lathu. A Sir, mapu muli nawo angati?

Sir wa Geo: Amodzi Madam. A sukulu pathu

Madam PE Katete: Ndiye pamenepo. Mwanayo akathamanga pa mapu amenewo kanayi kasanu adzawaloweza, adzaleka kuwerenga, azidzangothamanga ndi chikumbumtima ngati akupita ku chigayo. Mudzaganiza kuti akukula pamene waima. Ine zinandichitikira ndi ana anga kuno, temu yoyamba chimwemwe, temu yachiwiri anayamba kujomba chifukwa mtengo uliwonse anaudziwa kale, ndinapempha ku ofesi ina kuti atithandize ndalama ya transport tipite malo ena, kalata inakhala miyezi osayankhidwa mpaka ana anabalalika. Zinandiwawa kwambiri chifukwa panali kamnyamata kena kochokera kumudzi, kolisha ng'ombe, kamene kanali kuwerenga chitunda ndi khwawa ngati buku, manje sindidziwa kuti kali kuti

Asisi a ku Uppsala: Madam mwakhudza penipeni. Kuno chimene chimalera akatswiri ndi mapu ambiri, nkhalango iliyonse pafupi ndi tauni inajambulidwa, mwana sabata ino ali uku sabata ya mawa ali kwina. Ku Switzerland anachita zoti ife tingatengere, anayamba ndi kujambula mabwalo a masukulu, ndipo mu 2003 tsiku limodzi ana a sukulu opitirira 200,000 anathamanga orienteering pa masukulu awo. Dziko lomwelo ndi la Simone Niggli amene anatenga golide 23 pa mipikisano ya dziko lonse lapansi. Ndiye musanyoze mapu a sukulu a Sir, chofunika achuluke. Sukulu khumi za mu Chipata zikakhala ndi mapu, ana azisinthana, a kwanu apite kwa anzawo, a kwa anzawo abwere kwanu, transport yake ndi miyendo kapena njinga

Mnyamata wa Survey: Manje ndayamba kumva. Koma bwanji osagwiritsa nchito ma sheet a boma aja a 1:50,000? Alipo a dera lonse lino

Sir wa Geo: Amene aja timaphunzitsira map reading m'kalasi, koma pa masewerawa sathandiza achimwene. Pa 1:50,000 sentimita imodzi ndi mamita 500, sukulu yonse imakhala kadontho. Mapu a m'tauni kapena pa sukulu amakhala 1:4,000, sentimita imodzi mamita 40, a m'tchire 1:10,000 kapena 1:15,000. Pamafunika kuoneka mwala uliwonse waukulu, chulu, dzenje, kamtengo koima pakokha. Ndipo mitundu yake ndi yosiyana ndi imene munazolowera, choyera ndi nkhalango imene ungathamangemo bwino, chobiriwira ndi zowirira zokuchedwetsa, chachikasu ndi poyera popanda mitengo, bulauni ndi makontuwa, mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, buluu madzi, chakuda miyala, njira ndi nyumba. Ana anga sabata yoyamba onse anaganiza kuti choyera ndi bwalo

Mnyamata wa Survey: Ok ndiye ndi nchito ya miyendo imeneyo, kuyenda ndi kujambula. Pulogalamu mumagwiritsa iti?

Sir wa Geo: OpenOrienteering Mapper, ndi yaulere, imagwira pa kompyuta ndi pa foni ya Android. Ilipo ina OCAD koma ndi yogula. Ine ndinaika chithunzi cha satellite pansi nkumajambula pamwamba kenako kuyenda kukonza, koma makontuwa andivuta, ndiye chifukwa chake mapu anga ndi a pa flati chabe

Mnyamata wa Survey: Makontuwa musiyire ine. Ndipatseni ma weekend atatu ndiyese mbali imodzi ya Kanjala, ya pansi kumene sikutsetsereka kwambiri. Sindilonjeza kuti zikhala ngati za ku Sweden koma chitunda chidzaoneka chitunda

Madam PE Katete: Mukatha kumeneko mubwere kuno ku phiri la Mphangwe achimwene, nsima ndiphika ine

Amake Mapasa: Pepani ndibwerere kumbuyo. Mukukamba za phiri ndi tchire, ine ndine mayi. Mwana wanga wamkazi yekha m'thengo, anthu anyamuka mmodzi mmodzi mwati. Kuli njoka, kuli anthu otentha makala, kuli anyamata amene sitiwadziwa. Pa sukulu ndilibe vuto koma kuphiri mtima wanga ukana

Madam PE Katete: Amake Mapasa mwakamba chimene amayi ambiri amaganiza koma sakamba, amangomuletsa mwana basi ife nkumadabwa kuti atsikana athera kuti. Nkhawa yanu ndi yoona ndipo tisaipeputse. Mmene ndinali kuchitira ine, malo amakhala aang'ono okhala ndi malire oonekeratu, msewu uku, mtsinje uku, mwana amauzidwa kuti ukafika pa msewu usadumphe. Akuluakulu amaima m'makona, ndipo pakhale amayi osati abambo okhaokha. Aliyense ali ndi wezulo. Timalemba dzina ponyamuka ndi pofika, ndipo ngakhale walephera uyenera kubwera pomalizira kudzalembetsa. Ang'onoang'ono amapita awiriawiri, kapena wamkulu amayenda kumbuyo kwake osakamba kanthu. Inuyo mubwere tsiku loyamba mudzaime pa kontrolo imodzi muone nokha

Asisi a ku Uppsala: Choyenda kumbuyo kwa mwanacho ngakhale kuno amachita, ine ndayenda kumbuyo kwa wanga chaka chathunthu. Ndipo ndi njira yabwino yophunzitsira chifukwa umaona pamene wakayikira, pamene wayang'ana mapu, pamene wangothamanga. Chovuta ndi kutseka pakamwa ukuona mwana wako akulowera kolakwika

Sajeni Wopuma: Ndiwonjezere za malo. Ku Sweden ndamva kuti lamulo limalola munthu kuyenda m'nkhalango ya wina aliyense, kuno si tero. Musanaike mbendera pa phiri lililonse kapena kumudzi muyambe mwaonana ndi amfumu, mufotokoze bwinobwino, apo ayi anthu akaona achilendo ali ndi mapu ndi timbendera adzati mwabwera kudzapima malo awo. Ndipo chachikulu, nkhalango yowirira imene ili pafupi ndi mudzi nthawi zambiri ndi manda. Wojambula mapu akaiona adzakondwa kuti apa ndiye pabwino, koma kumeneko ana salowa, ndipo kumadera a Achewa ngati ku Katete ndi ku Chadiza ndi kumene kumakhala dambwe. Muzifunsa eni mudzi, malowo muwatchinge pa mapu ndi mizere yosonyeza kuti nkoletsedwa, ndipo njira ya ana isadutse ngakhale m'mbali mwake. Minda ya anthu chimodzimodzi

Mnyamata wa Survey: Izi ndazilemba a Sajeni, ife pa nchito tinathamangitsidwapo pa mudzi wina chifukwa cholowa osaonana ndi eni ake

Nesi wa ku Chadiza: Muganizirenso nyengo. February mpaka April udzu ndi wautali kuposa mwanayo, saona patsogolo ndipo njoka saiona. October dzuwa la kuno mulidziwa. Nthawi yabwino ya kutchire ndi June, July, August, kukuzizira, udzu wagwa. Koma musamale chitedze chikauma, ndiponso masiku amene anyamata akutentha tchire kusaka mbewa. Miyendo ivalidwe, thalauzi kapena masokosi aatali, osati kabudula. Miyezi ya mvula chitani za m'masukulu ndi m'makomboni

Kochi Wakale: Chabwino, ndamva nonse, sindine munthu wosamva. Koma ndifunse, kodi mapeto ake ndi chani? Pa athletics ndidziwa makwerero, zone, district, province, national, mpaka mwana afika pamene Muzala Samukonga anafika, bronze ya 400 ku Paris mu 2024. Nanga uku mwana akakhala katswiri apita kuti? Ndisamunamize mwana wa eni

Asisi a ku Uppsala: Funso labwino atate. Pamwamba pa ana pali JWOC, mpikisano wa dziko lonse lapansi wa achinyamata osapitirira zaka 20, unayamba mu 1990 ndipo umachitika chaka chilichonse. Amayendetsa ndi a IOF, bungwe la orienteering la dziko lonse lapansi limene linakhazikitsidwa mu 1961, ndipo wothamanga amapita kudzera ku bungwe la dziko lake. Pafupi ndi ife South Africa ali ndi bungwe lawo ndi mipikisano yawo ndipo ana awo amafika ku JWOC. Palinso mipikisano yotseguka kwa aliyense monga O-Ringen kuno ku Sweden mu July, masiku asanu, anthu masauzande kuyambira tiana mpaka agogo. Ku ma Olympics masewerawa kulibe, ndipo ndalama zake ndi zochepa, ambiri mwa akatswiri ndi ophunzira a ku yunivesiti kapena ali ndi nchito zina, izi muwauze atate ake moona. Koma mwanayu ali ndi zaka 13, mpaka 20 pali zaka 7. Chimene ndikuopa ine si JWOC, ndikuopa kuti pofika zaka 15 adzakhala yekha. Kuno ana amene amasiya amasiya pa msinkhu umenewo, ndipo amene amatsala ndi amene ali ndi anzawo, amabwera ku training chifukwa mnzake abwera. Ndiye chifukwa chake amakonda kwambiri ma relay, ku Finland kuli Jukola kuyambira 1949, anthu 7 pa timu kuthamanga usiku wonse, ndi Venla ya azimayi anthu anayi. Mwana amalimbika chifukwa mnzake akumudikira. Mukamupatula mwanayu nkumuika pa pulogalamu yakeyake mwamuchotsa pa chinthu chimene chikadamusunga

Sir wa Geo: Asisi apa mwandigwira. Ine m'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kuganiza zomutenga yekha Chitatu masana. Koma pa Chiweru paja wachiwiri kwa atsikana anali mnzake wa m'kalasi amene amayenda naye, ndipo panali ena atatu amene sanachite moipa

Madam PE Katete: Atengeni onse asanuwo a Sir, ndi mpasa mnzakeyo. Ndipo mnyamatayo musamutaye chifukwa anaphonya kontrolo 5, ana ena mutu umatseguka mochedwa

Amake Mapasa: Ameneyo kuchokera pa Chiweru mapu ali nawo m'thumba, dzulo ndamupeza akujambula nyumba yathu ndi khola la nkhuku ati afuna amuikire mlongo wake makontrolo

Sajeni Wopuma: Musiyeni ajambule amake, imeneyo ndi training yabwino kuposa zonse. Wojambula mapu amaphunzira kuona

Sikauti wa ku Mchini: Moni akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga chabe. Ife ku ma scout tili ndi makampasi ochepa tikhoza kubwereka, ndipo mbiri imati munthu amene anakulitsa masewerawa ku Sweden, Ernst Killander, anali mtsogoleri wa ma scout, ndiye ndi zathu ndithu. Koma funso, mbendera ndi zodindira zija mumazipeza kuti?

Sir wa Geo: Mbendera anatisokera atelala a ku Kapata, nsalu ya orenji ndi yoyera, mbali iliyonse masentimita 30. Zina ndi zigubu za mafuta ophikira tinapaka penti. Zodindira tilibe, pa kontrolo iliyonse timamangirira krayoni ya mtundu wake ndi chilembo, mwana amalemba pa kadi yake. Kunja amagwiritsa kachipangizo kovala pa chala, SportIdent kapena Emit, koma ife krayoni yatikwanira. Chimene chimadya ndalama ndi kupulinta kwa mitundu, ndiye mapu timawaika m'mapulasitiki kuti agwire nchito kangapo

Asisi a ku Uppsala: Pa makampasi ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira mochedwa. Ndinabwera nawo awiri kumudzi ogula kuno, singano yake inali kupendekeka ndi kukhuza pansi, osazungulira bwino. Makampasi amapangidwa molingana ndi chigawo cha dziko, a kumpoto ngati a kuno sayenda bwino kumwera kwa equator. Ndiye wina akafuna kukutumizirani muwauze agule opangidwira kumwera kapena amene amagwira dziko lonse. Komabe pa msinkhu uwu kampasi isakhale patsogolo, nchito yake ikhale kuika mapu moyang'ana kumpoto basi, mwana aphunzire kukhulupirira zimene maso akuona. Ndipo chinthu china chaulere chimene makochi a kuno sachidumpha, mpikisano ukatha mwana aliyense amajambula ndi bolopeni njira imene anadutsa, kenako amakhala pansi kufananiza, iwe unadutsa kuti, chifukwa chani, unataya nthawi pati. Thierry Gueorgiou wa ku France amene anatenga golide 14 pa mipikisano ya dziko lonse lapansi anakulira m'manja mwa atate ake amene anali kochi wake, ndipo amadziwika ndi kusankha zinthu zochepa zikuluzikulu pa mapu nkusiya zina zonse kuti asachepetse liwiro. Nzeru zotero zimabwera pokambirana njira mukatha kuthamanga

Kochi Wakale: Ndiye tichite tere. Chiwiri ndiwatenga onse asanu ndi mmodziwo pa bwalo, osati pa tara, mphindi 40, masewera othamangitsana, kudumpha, tima relay tatifupi, ndipo mapu akhale m'manja kuti azolowere kuwerenga akupuma mwamphamvu. Makilomita 8 aja ndawasunga m'thumba mpaka a Nesi adzandilole. Koma cross country ya masukulu ikafika mtsikanayo athamange, pamenepo musandikanize

Nesi wa ku Chadiza: Cross country ya msinkhu wake palibe vuto a Kochi. Akangodandaula bondo mumupumitse, musamuuze kuti alimbe mtima

Madam PE Katete: Mu May kumakhala sabata ya orienteering ya dziko lonse lapansi imene masukulu amachita nawo, ngati mapu a sukulu zitatu zinayi angakhale okonzeka pofika nthawiyo tingachite relay yosakaniza, atsikana awiri anyamata awiri. Ine ndiyesa kubwera ndi timu imodzi ngakhale pa minibasi ya ndalama zanga

Amake Mapasa: Ine ndalola za pa sukulu ndi za Chiwiri. Za ku Kanjala ndiyambe ndakamba ndi atate ake, ndipo tsikulo ndidzabwera ndi amake mnzakeyo tidzaime pa kontrolo monga mwanenera Madam. A Sir chonde muzimuyang'ananso masamu, akatsika ndimuimitsa

Sir wa Geo: Zamveka amake, ma report ndizikutumizirani ndekha. Achimwene a Survey, pa Chiweru 07 koloko ndikupezani pati?

Mnyamata wa Survey: Pa geti ya David Kaunda Stadium, tiyambire pamenepo. Mubwere ndi mapu a sukulu aja ndione zizindikiro zimene munagwiritsa. A Sajeni ngati muli omasuka tiyeni tonse, pokamba ndi eni malo pafunika munthu wa imvi

Sajeni Wopuma: Ndidzafika. Mutenge madzi okwanira ndi nsapato zotseka, mbali ya pansi ija ili ndi minga